Tende Imene Ndinatafunira Shamsia

Lolemba, 18 Januwale 2021

Alhamdulillah! Alhamdulillah! Mulungu ndi wamkulu, alibe mnzake! Zaka zisanu ndi zinayi anthu akutiloza zala kuti kwa achimwene anga a Sumaila kulibe mdzukulu, lero m'nyumba mwathu ku Area 15 mukulira khanda! Tsitsi lake bii, zala zazitali ngati za malemu mayi ako. Ndikanakhala ndi mpweya wokwanira ndikanaimba nthungululu muno mu wodi mpaka manesi kuthawa.

Asalamu alaikumu Suhaila mwana wanga. Ndine zakhali wako Asiatu. Kope ili wandipatsa ndi nesi wina, dzina lake Sellah. Ndalidziwa chifukwa walilemba pa chipulasitiki chimene wavala, nkhope muno sitimaonana. Akuti kuno alendo salowa, ndiye muzilembako amayi, mutu ungazungulire. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 4, ukhululuke zilembo. Ndikatuluka ndidzakupatsa uziwerenga uku ukuyamwitsa Shamsia.

Bambo ako anandisiya pa geti. Sanandigwire, anangoti "Allah akutsogolere mlongo wanga" ali chapatali. Andipisa kathonje m'mphuno mpaka misozi. Akuti ndi koronayo. Kachida kopana chala kanaonetsa 84, pamene munthu wabwinobwino akuti amakhala 95 kupita m'mwamba. Andiika timapaipi m'mphuno, mpweya malita 5. Ndili pa bedi nambala 7, chapazenera.

Masana tinalankhula pa foni. Ndinakufunsa katatu ngati mwana sakutentha thupi. Unaseka, unati azakhali dzidandaulireni nokha, uyu ntchito yake ndi kuyamwa basi.

Lachiwiri, 19 Januwale

Muno zimayenda chonchi. 6 koloko kupana chala ndi kubaya shuga. Kenako phala. Jakisoni wa pa mkono, akuti dekisa, kamodzi pa tsiku. Wina wa pamimba woti magazi asaundane, ameneyo amawawa ngati mavu. Akatero amatigoneka chafufumimba ngati nsomba zoyanika, akuti mapapo azitseguka. Lero chala 88.

Pa bedi 8 pali Anaphiri, a ku Mitundu, amagwira ntchito ya m'nyumba ku Area 10. Anayamba kudwala ndi abwana awo, iwo nkumawadwazika, abwanawo achira. Masilinda a mpweya ndi ochepa, ndiye atilumikiza awirife ku silinda imodzi. Anaphiri anati, "Inu a Chisilamu, musamapume mwadyera, mpweyawu ndi wa tonse." Ine ndinati, "Inu a Mvano ndi amene mumaumaliza ndi nyimbo." Tinaseka mpaka kutsokomola, Sellah anatikalipira tonse.

Tsopano ndilembe chimene chikundidya, mwina tsambali ndidzaling'amba.

Ukukumbukira Lachinayi lapitali, tsiku lopatsa mwana dzina. Kukanakhala kwabwino bwenzi pabwalo padadzaza, shehe atabwera, mbuzi itagwa, mpunga m'mapoto akuluakulu. Chaka chino tinali atatu ndi khandalo. Mwamuna wako Zubair ali ku Joni, malire otseka, akuonera pa foni. Bambo ako chiyambireni mliriwu shopu ya nsalu ku Area 2 anatseka, ku mzikiti anasiya, swala timaswalira m'nyumba, iwo m'chipinda mwawo chitseko chotsegula, ife pa kolido kumatsatira mawu. Ndi shuga wawo uja sindiwanena. Ndiye tsiku limenelo anaima pa khomo la chipinda, masiki awiri kukamwa, nkuchita azana, mawu oitanira swala aja, ali pomwepo. Ine ndinati, "Achimwene, azana amanong'oneza m'khutu mwa mwana, inu mukuitanira kolido?" Anati, "Asiatu, khutu la mwanayo ndi latsopano, likumva. Ndipo za tende musiye chaka chino, shehe wanena pa foni kuti si zokakamiza."

Ine sizinandilowe. Kwathu palibe mwana anakula osalawa tende, chipatso chotsekemera chouma chija, yotafunidwa ndi munthu wamkulu woswali. Iweyo anakutafunira agogo ako. Bambo ako atangotseka chitseko ndinatenga tende imodzi, ndinatafuna, ndinatapa ndi chala, ndinapaka Shamsia m'kamwa chakumwambaku. Anayamwa chala changa. Iwe unali pomwepo, unamwetulira. Zimenezo ukuzidziwa.

Chimene sukudziwa ndi ichi. Tende ija sinakome. Inali ngati ndikutafuna kansanza. M'mawa womwewo ndinakazinga anyezi osamva fungo, mutu unayamba kuwawa cha Lachitatu, ndinamwa panado mobisa kuseri kwa khitchini. Pa wailesi ndinali nditamva kale kuti matendawa amayamba choncho. Pamene ndimatafuna ndinadziwa. Ndikanatha kungomeza. Koma chimwemwe chinandikwera m'mutu, ndinati Bisimila, chinthu cha Mulungu sichingapweteke mwana.

Ndiye tsiku lililonse ndikumawerenga masiku. Lero ndi tsiku lachisanu chimupakireni.

Lachitatu, 20 Januwale

Chala 82. Achotsa timapaipi, andiika chimasiki, malita 10. Shuga wakwera, akuti ndi dekisa uja, andibaya insulini. Ine shuga sindinadwalepo chibadwire.

Chakudya amasiya pa geti, dzina kulemba pa chivindikiro. Bambo ako atumiza mpunga ndi msuzi wa nkhuku, mchere wosamveka, kaya ndi lilime langali. Mu jumbo munalinso mwala wosalala. Sellah anaukweza m'mwamba, akuti "Amayi Asiatu, uwu ndiye ndiwo?" Ndinamufotokozera kuti munthu ukalephera kufika pa madzi umapaka manja pa mwala nkudzipukuta kumaso ndi m'manja, swala imatheka. Anandifufuzira pa foni yake chibula, mbali imene timayang'ana poswali. Chili kumene kuli silinda yathu. Ndiye ndikumaswali nditagona, ndi mutu wokha, nditayang'ana silinda.

Anaphiri anadya theka la mpunga wanga. Kwa iwo palibe amabweretsa, ana ali kumudzi, abwana anangotumiza bulangete. Akuti iwonso chitsekereni misonkhano, Lamulungu lililonse amavala yunifolomu ya Mvano, bulauzi yoyera yosita bwino, nkukhala okha m'kachipinda ka antchito kumvera ulaliki pa wailesi. "Abusa akati tiimirire, ine ndimaimirira ndekha ngati wamisala."

Shamsia ali bwino, watero pa foni. Lero ndi tsiku lachisanu ndi chimodzi.

Lachinayi, 21 Januwale

Mwana watentha thupi. Bambo ako aimba 10 koloko. Akuti akupuma mothamanga, nthiti zikulowa. Mwapita naye ku chipatala cha ana, amugoneka.

Chala sindinafunse.

Lachisanu, 22 Januwale

Chala 83, malita 15, masiki a chithumba. Adokotala anaima nthawi yaitali pa bedi langa, anati, "Amayi, mapapo onse awiri agwidwa, koma mtima wanu ndi wolimba, musagone chagada." Awonjezera jakisoni wina wa pa kanula, kachubu kamene anandilowetsa mu mtsempha wa pa dzanja, kawiri pa tsiku.

Lero Ijuma. Nthawi ya swala azana anamveka chapansipansi kuchokera ku tauni, mphepo itabwera nayo. Ndinagwira mwala uja koma pakamwa panakana.

Kenako unaimba iwe. Ndilembe monga unanenera, ndisaiwale.

"Azakhali, atiyeza. Tonse awiri tili nayo. Amuika timapaipi."

"Akuyamwa?"

"Ndasiya kumuyamwitsa."

"Wati chiyani?"

"Ndine ndamupatsa, azakhali. Wina ndani? Amagona pa chifuwa panga, amayamwa ine. Bere langali ndi limene likumupha. Zaka zonsezi ndimapempha mwana, Allah wandipatsa, ine ndemwe ndamuthira matenda."

Unati manesi a kumeneko akukuuza kuti vala masiki uyamwitse, mkaka ulibe mlandu. Unati amangonena pokutonthoza. Akumupatsa wa m'chitini pa kakapu, akulavula. Kuyambira dzulo madzulo palibe chimene chakhala m'mimba mwake.

Ndinatsegula pakamwa Suhaila, Mulungu ndi mboni. Chimene chinatuluka ndi chakuti, "Limba mtima mwana wanga, tipange duwa, Allah atimvere." Basi. Ndinadula.

Anaphiri anali atamva zonse, mabedi athu ndi ogundana. Anakweza masiki awo pang'ono, anati, "Anzanga, kulira kumeneku si kwa mdzukulu yekha ayi. Mwabisa chiyani?" Ndinawauza. Munthu woyamba kumuuza ndi pakamwa. Sanadabwe. Anati kumudzi kwawonso agogo amatafunira ana chakudya, ndani sanakule ndi malovu a munthu. "Koma inu munadziwa."

"Ndinadziwa."

"Ndiye mtsikanayo akusenza katundu wanu. Kamutuleni."

"Adzandida. Ndinamulera ndine mayi ake atamwalira, ali ndi zaka zinayi. Wanga wobereka ndilibe. Akandida ndatsala ndi ndani?"

"Akudeni uku akuyamwitsa," anatero, nkubweza masiki.

Sindinaimbe. Ndinati mawa.

Loweruka, 23 Januwale

Anaphiri atisiya 11 koloko m'mawa.

Phala sanadye. Cha m'ma 9 chala chawo chinali 70, kenako 61. Anawachotsa pa silinda yathu nkuwapatsa yawoyawo, yodzaza. Sellah ndi adokotala anayesa zonse, kuwatembenuza, jakisoni, kuwaitana dzina. Anandipempha ndi dzanja kuti ndiwagwire. Ndinatambasula dzanja mpaka kanula kukoka. Milomo imayenda, ndikuganiza inali nyimbo. Ine nyimbo zawo sindizidziwa, ndinangowanenera zathu, La ilaha illallah, pang'onopang'ono. Ngati ndalakwa a Mvano andikhululukire.

Sanawasambitse. Anabwera amuna awiri ovala zoyera, anapopera mankhwala, thumba la pulasitiki, lina pamwamba pake, zipi. Bulangete la abwana analiika mu jumbo yokawotcha. Mayi wosita bulauzi kuti akamvere wailesi wapita chonchobe ndi chitenje chimene anagonera. Matiresi anapukuta, pofika 1 koloko pa bedi 8 panali pagona wina.

Ndinaona kuti zipi ija ikhoza kundipeza nanenso mawu ali m'kamwa, iwe nkutsala ukudzitemberera moyo wako wonse, mwana atapita ndi njala bere lili pomwepo.

Nditaswali ya masana ndinakuimbira. Mpweya umandithera, ndiye ndimalankhula mawu atatu, kubweza masiki, mawu atatu.

"Suhaila. Si bere lako. Ndine."

"Azakhali musalankhule, pumani."

"Tende ija. Ndinali nditayamba kale kudwala. Sinakome. Ndinadziwa."

Kumbuyo kwako kumamveka makanda a eni akulira.

"Munadziwa?"

"Eya."

"Musanaike chala, kapena mutaika kale?"

"Ndisanaike."

"Ine ndili pomwepo ndikuseka?"

"Eya mwana wanga. Nawenso ndakupatsa ndine. Undide, undichite chilichonse, koma mtenge mwanayo umuike ku bere. Panopa."

Sunatukwane. Bola ukanatukwana. Unangoti, "Ndamva, mayi Asiatu." Chibadwire sunanditchulepo dzina. Foni inaduka.

Chala 81.

Lamulungu, 24 Januwale

Chala 80. Palibe waimba.

Lolemba, 25 Januwale

84. Dekisa, wa pamimba, insulini. Ndaimba kanayi, suyankha. Bambo akonso sayankha. Chakudya chafika pa geti, dzina lolemba ndi dzanja lawo, uthenga palibe.

Sindikudziwa ngati mwana ali moyo.

Lachiwiri, 26 Januwale

Chala 89. Atsitsa malita kufika 10.

Bambo ako aimba. Sanapereke ndi salamu yomwe. Anati, "Akuyamwa. Anayamba Loweruka lomwelo. Thupi lazizirako koma timapaipi sanachotse."

Ndinalira mpaka masiki kudzaza. Iwo ali phee kudikira ndimalize. Kenako anati, "Asiatu, ndinatseka shopu. Ndinatseka geti. Mzikiti umene ndakhala ndikuswali zaka makumi anayi ndinausiya, anzanga nkumandiseka kuti Sumaila akuopa chimfine kuposa Allah. Zonsezo ndimatchinga kunja. Sindinadziwe kuti ndiyenera kulondera mlongo wanga m'nyumba mwanga momwe."

Ndinati, "Achimwene, ndimafuna madalitso a mwana."

Anati, "Umafuna kuti adzanene kuti anamutafunira ndi azakhali."

Mwina ndi zoona. Iwo akuti awayeza, alibe. Anafunsa ngati ndikufuna nthochi kapena mapapaya, ndinati chilichonse.

Lachitatu, 27 Januwale

91. Ndakhala tsonga koyamba, ndadya ndekha. Kanula wasunthidwa kupita dzanja lamanzere, lamanjali latupa ngati mtanda wa mandasi.

Wa pa bedi 8 watsopano ndi Eveless, mphunzitsi, salankhula zambiri. Anandiona ndi mwala uja, anafunsa ngati ndi mankhwala achikuda. Ndinamufotokozera. Anati mundipemphererekonso. Ndinati mayi, mwasankha munthu wolakwika, koma ndiyesa.

Lero atulutsa awiri oyenda okha, atulutsanso atatu pa zipi. Wina mwa atatuwo anali mtsikana wa msinkhu wako.

Ndamufunsa Sellah kuti andiuze zoona, kodi khanda likadwala chonchi limadzakula bwino? Anati ambiri amachira osasiya kanthu, koma iye si Mulungu. Ndinamuuza za tende. Anaima kaye ndi jakisoni m'manja. Anati, "Amayi, mwina ndi tendeyo, mwina ndi mpweya wanu womwe munkapumira m'nyumbamo, palibe angaloze." Ndinati usandichepetsere mwana wanga, mpweya sindinasankhe, chala ndinasankha. Anangondibaya jakisoniyo.

Lachisanu, 29 Januwale

Shamsia watuluka! Bambo ako atumiza chithunzi. Waonda, masaya aja apita, pa dzanja pali kachipsera ka kanula, koma maso ali gwa. Ndinaonetsa Eveless, ndinaonetsa Sellah, ndinaonetsa ngakhale bambo wokolopa. Pa chithunzipo iwe ukuoneka dzanja lokha.

Ine chala 94, ndabwerera pa timapaipi, malita 2. Dekisa watha dzulo, masiku khumi akwana. Ndayenda mpaka ku bafa nditagwira khoma, ndatawadha, kusamba kokonzekera swala, ndi madzi enieni, ndaswali nditakhala pa bedi miyendo ili pansi. Sijida, kugunditsa mphumi pansi, sindingathe, mutu ukatsika chifuwa chimatseka.

Ndakutumizira uthenga wa mawu. Pakuonetsa kuti wamvera. Sunayankhe.

Lamulungu, 31 Januwale

Andichotsa mpweya kuyambira m'mawa kuti aone. Nditakhala 95, ndikayenda 92. Adokotala akuti ikakhala chonchi mpaka Lachiwiri ndizipita. Akuti befu lidzatenga miyezi, ndisanyamule zolemera, utsi wa makala ndiupewe kaye. Ndinati adokotala, ine ndimadya za samusa, mukuti ndizikazinga ndi chiyani, dzuwa? Anaseka, anati muzikazingira panja.

Eveless wayatsa wailesi ya pa foni, mapemphero a Lamulungu. Pa wailesipo anaimba nyimbo ina, ndikukhulupirira ndi yomwe ija milomo ya Anaphiri imayenda. Ndinatembenukira kukhoma. Ana awo ku Mitundu sindikuwadziwa ngakhale dzina limodzi loti ndikawauze kuti mayi anu sanafe okha, anagwira dzanja la munthu.

Lachiwiri, 2 Febuluwale

Ndikutuluka lero 2 koloko. Andipatsa mapiritsi a mavitamini ndi kapepala kobwerera pakatha masabata awiri. Shuga watsika yekha. Zovala zonse apopera, kope ilinso, ndiye masamba ena afufuma, uwerenge choncho.

Bambo ako aimba m'mawa kuti abwera kudzanditenga. Ndinafunsa ngati ndigule kanthu ka mwana pa njira. Akuti unanyamuka dzulo ndi galimoto ya alamu ako, wapita kwa apongozi ako ku Nkhotakota. Watenga zonse, beseni la mwana, neti, ndi makina ako osokera. Akuti unawapempha akuuze tsiku lenileni limene ndikutuluka kuti ndisakupeze. Ndinafunsa ngati wasiya mawu. Akuti unati, "Muwauze kuti mwana ali bwino." Ndinafunsa kuti udzabwera liti. Anati, "Asiatu, makina osokera munthu satenga popita kocheza."

Ndiye ndikakalowa m'nyumba muja tikhala awiri, iwo m'chipinda, ine pa kolido ndekha kumbuyo kwa mawu awo. Akuti aziswalitsabe chitseko chotsegula. Zokhululuka sananene, ine sindinapemphe.

Tsamba lija sindinang'ambe. Kopeli ndipereka kwa bambo ako alitumize ndi munthu wodalirika, ukafuna uwerenge, ukafuna usonkhere moto. Sindikuimbiranso foni, ndaona kuti ndikukuvutitsa. Kumenekoko kuli udzudzu wambiri, neti uziyipisira pansi pa matiresi mbali zonse. Apongozi ako akayamba zoti mwana amwe madzi kapena timankhwala, ukane, bere lokha mpaka miyezi isanu ndi umodzi, watero Sellah. Munthu wamkulu aliyense akafuna kumuika kanthu m'kamwa, ngakhale atatchula dzina la Mulungu, umukanize. Usaope imvi.

Miyendo ikalimba ndiyambiranso samusa, ndizikazingira panja. Kaya a m'mashopu a ku Area 2 azigulabe za munthu amene anagona ku korona, tikaona komweko. Kumapeto kwa mwezi uno ndidzatumiza kangachepe pa foni yako, ka sopo ndi matewera a Shamsia. Ukabweza, kumapeto kwa Malichi ndidzatumizanso.